Sikweya ndi Lekitango

Ilipo milandu ina imene munthu akapita nayo kubwalo, akuluakulu angamuseke nanena kuti mwana uyu wakhuta, wasowa chochita. Chonsecho milandu yomweyo ndi imene imamutsata munthu kuyambira ali wa mamina m'mphuno kufikira imvi zitamera, ndipo ikamupeza ali yekha usiku imamufunsa mafunso amene sangathe kuwayankha msanga. Umodzi wa milandu yotere, umene wandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba zaka zambiri ndithu, ndi wa zojambula ziwiri zimene ana amaphunzira asanadziwe n'komwe kulemba dzina lawo. Mutu ndaulemba pamwambapo, ndipo amene ali ndi khutu la chinenero chathu wamva kale kuti mutuwo uli ndi malilime awiri: pakuti kaliwu kakuti "ndi" kamalumikiza zinthu ziwiri zosiyana, monga tikamati mtondo ndi munsi, komanso kamanena chimene chinthu chili, monga tikamati mkango ndi chilombo. Pakamwa timasiyanitsa ziwirizi ndi kakwezedwe ka mawu, koma papepala inki sikweza mawu. Kotero wowerenga asankhe yekha ngati ndatchula alendo awiri okhala pa mkeka umodzi, kapena ndanena kuti woyambayo ndi wa mtundu wa wachiwiriyo. Mlandu wonse wagona pa kaliwu kameneka.

Tiuyale poyera, kuti amene anaiwala za kusukulu asatsalire m'mbuyo. Lekitango ndi chojambula cha mbali zinayi zowongoka, chimene ngodya zake zonse zinayi zaima chilili, iliyonse ya madigiri 90, monga ngodya za chitseko chimene mmisiri wachipala bwino. Ndipo pokhala ngodya zili chotero, mbali ziwiri zopenyana zimalingana zokha popanda wozikakamiza. Sikweya nayenso ali ndi mbali zinayi ndi ngodya zinayi zomwezo, koma iye waonjezeredwa lamulo limodzi, lakuti mbali zonse zinayi zikhale za muyeso umodzi. Kodi tsono sikweya ndi mwana wa m'nyumba ya lekitango, kapena ndi mlendo wongofanana naye nkhope?

Ndili wamng'ono, mayi amene anatiyambitsa sukulu, munthu wofatsa koma wosalola zachibwana, anatigawira tizidutswa ta makatoni todulidwa bwino, natilamula kuti tiunjike a sikweya paokha ndi a lekitango paokha. Ndipo mwana amene waika kachidutswa kolingana mbali zonse pa mulu wa tatitali ankalawa kamkwapulo pachikhato, kuti dzanja likumbukire chimene mutu waiwala. Patapita zaka zingapo, mphunzitsi wina, bambo wa mandala amene choko chinkamuyeretsa mpaka m'zigongono, anajambula pabolodi zojambula zisanu, zitatu zazitali ndi ziwiri zolingana mbali, nafunsa kuti a lekitango alipo angati. Ndinakweza mkono mwamatama ndi kuyankha kuti atatu.

"Alipo asanu," anatero.

"Koma aphunzitsi, awiriwo ndi a sikweya."

"Ndi a sikweya inde, mwanawe. Nanga ngodya zawo waziyang'ana? Tandiuza lamulo la lekitango limene iwo aswa."

Ndinalifunafuna lamulolo osalipeza, anzanga akuseka. Ndipo ndinakhala pansi mtima ukuwawa, pakuti chimene ana ankakwapulidwira kale akachiphonya ndicho chomwe ndinasekedwera tsopano nditachigwira. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine tsiku limenelo ndinavumbwa ndili pakati pa aphunzitsi anga awiri.

Ndinadzazindikira ndili wamkulu kuti mayi uja sanali yekha, ndi kuti nkhoswe yake pa mlanduwu inali munthu wolemekezeka kuposa onse amene anaphunzitsapo za miyeso. Euclid, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Alexandria ku Egypt zaka ngati 300 Khristu asanabadwe, ndipo mabuku ake 13 otchedwa Elements anakhala maziko a phunziroli kwa zaka zoposa 2,000, anayamba buku lake loyamba ndi kuika malire a mawu. Ndipo pofika pa tanthauzo la 22, pamene akugawa zojambula za mbali zinayi, anapatsa sikweya nyumba yakeyake, ya mbali zolingana ndi ngodya zoima, napatsanso chojambula chachitali nyumba ina, nanenetsa kuti chimenechi ngodya zake n'zoima koma mbali zake sizilingana zonse. Mwa chiweruzo cha tanthauzo limenelo awiriwa ndi oyandikana nyumba chabe, ndipo pakati pawo pali mpanda.

Koma mizu ya mpandawo ndi yakale kuposa Euclid. Aristotle, m'buku loyamba la Metaphysics, anatisungira mndandanda wa zinthu zotsutsana ziwiriziwiri, magulu 10, umene Agiriki ena otsatira Pythagoras ankati ndiwo mizati ya chilengedwe chonse. Kumbali imodzi anaikako malire, umodzi, dzanja lamanja, kukhazikika, kuwongoka, kuwala ndi ubwino, kumbali inayo kusowa malire, unyinji, dzanja lamanzere, kugwedezeka, kukhota, mdima ndi kuipa. Ndipo pamapeto penipeni pa mndandandawo sikweya anaimikidwa mumzere wa kuwala, wamtali uja naponyedwa ku mzere wa mdima. Munthu angadabwe kuti chitseko chinalakwanji kuti chiwerengedwe pamodzi ndi zoipa. Koma yankho lili m'timiyala, pakuti anthu amenewa ankawerenga poyala timiyala pansi, monga ife tiyalira pa nsolo. Ikani kamwala kamodzi, mukazinge mbali ziwiri ndi timiyala 3, ndipo mupeza 4, mizere iwiri ya tiwiritiwiri. Onjezani 5 mupeza 9. Onjezani 7 mupeza 16. Ndipo mungapitirire chotero mpaka dzuwa kulowa, mulu ukukula koma nkhope yake osasintha, utali ndi kupingasa zikuyenda limodzi ngati ng'ombe za m'goli limodzi. Tsono yambani ndi timiyala 2, muonjeze 4, mupeza 6, mizere iwiri ya titatutitatu. Onjezani 6 mupeza 12, ndiyo mizere itatu ya tinayitinayi. Onjezani 8 mupeza 20, mizere inayi ya tisanutisanu. Apa nkhope ikusintha pa phazi lililonse, 1 kwa 2, 2 kwa 3, 3 kwa 4, 4 kwa 5, ikusenderasendera kufupi ndi kulingana koma osafikapo mpaka muyaya, monga munthu wothamangira utawaleza. Chimene Agiriki aja ankachiopa mwa wamtaliyu chinali kusakhazikika kumeneku, chinthu chimene ukachipatsa dzina lero, mawa chasanduka china. Ndiyenera kuonjeza, ngakhale ndi mawu a m'mbali, kuti pa mndandanda womwewo mwamuna anamuika ku kuwala ndi mkazi kumdima. Ndipo ife amene tinakulira m'mbumba, kumene munthu amadziwika ndi bere limene anayamwa ndipo mudzi umaima pa amayi, sitingachedwe kuona kuti mndandandawo sunatsike kumwamba, unalembedwa ndi amuna okhala ndi zizolowezi za kwawo.

Nanga chinagwetsa mpandawo n'chiyani? Inaugwetsa ndi ntchito yomwe. Pakuti Euclid mwini, atatha kutchula dzina la chojambula chachitalicho mu tanthauzo lake, sanalitchulenso m'mfundo zake. Pofuna kutsimikiza kanthu ankanena za chojambula cha mbali zopenyana zoyenda mondondozana ndi ngodya zoima, mawu amene sikweya amalowamo popanda kugogoda. Ndipo sakanachitira mwina. Chifukwa chilichonse chimene munthu angatsimikize pa lekitango, kaya n'chakuti mizere iwiri yodula pakati kuchokera ku ngodya kufika ku ngodya yopenyana nayo imalingana ndipo imadulana pakati penipeni, kaya n'chakuti malo a m'kati amapezeka pochulukitsa utali ndi kupingasa, amachitsimikiza pogwira ngodya, osafunsa konse ngati mbali zasiyana. Kotero kuti womukana sikweya ayenera kuzenga mlandu uliwonse kawiri, umboni womwewo, mboni zomwezo, nangosintha dzina la wozengedwa. Taganizaninso za dimba la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, limene mwini wake akusuntha mpanda wake wa kum'mawa pang'onopang'ono: pa mamita 9 ndi lekitango, pa 8 ndi lekitango, pa 7 chimodzimodzi, ndipo akapitirira kufika pa 5 ndi lekitangonso, wongotembenuka. Kodi tinene kuti pa 6 pokha lekitango anamwalira, ndipo m'kuphethira kwa diso anauka kwa akufa? Nzeru imakana maliro otere. Chifukwa chake akatswiri a masamu a masiku ano anagamula kuti sikweya aliyense ndi lekitango, ngakhale si lekitango aliyense amene ali sikweya. Ndipo bambo wa mandala uja anali kulengeza chigamulo chimenechi.

Komabe sindifuna kumusiya mayi uja wopanda womuimira, pakuti khutu la munthu wamba limakana chigamulochi, ndipo kukana kwake kuli ndi chifukwa. Tumani mwana kuti akakugwirireni mbalame, iye nabwera atapana nkhuku ya m'khola m'khwapa: mudzamuyesa wamwano kapena wopepera, ngakhale nkhuku ili ndi nthenga, mapiko ndi mlomo, imaikira mazira, ndipo palibe lamulo la umbalame limene yaswa. Pakamwa pa Achewa nkhuku ndi chiweto, mbalame ndi ya kuthengo. Ndipo kutero si umbuli ayi, pakuti pali pangano losalembedwa pakati pa wolankhula ndi womvera, lakuti chinthu chikakhala ndi dzina lakelake, lapafupi, uchitchule ndi limenelo, ndipo ukatchula dzina la mtundu wonse, womva aganize kuti lapafupilo palibe. Munthu amene waona amayi ake akubwera, nauza abale ake kuti kukubwera mzimayi wina, sananame, komabe wanyenga. Chotero pali kunena zoona, palinso kunena zokwanira, ndipo ziwirizi sizigona m'nyumba imodzi masiku onse. Mayi uja ankatiphunzitsa kutchula, monga Adamu anatcha zamoyo maina m'munda muja; bambo uja ankatiphunzitsa kulondola mzere wa makolo. Chimene ndimawadandaulira onse awiri n'chakuti panalibe mmodzi wa iwo amene anatiuza kuti phunziro la mnzakeyo lilipo.

Vuto limeneli silinasautse Agiriki okha. Ku China, patangopita zaka zowerengeka kuchokera m'masiku a Euclid, kunali katswiri wa mtsutso dzina lake Gongsun Long, amene anatchuka poumirira kuti kavalo woyera si kavalo. Ndipo mfundo yake inali yakuti wofuna kavalo mungamupatse wakuda nakhutira, koma wofuna kavalo woyera simungamupatse ameneyo, kotero zofunidwa ziwirizi si chimodzi. M'mawu akewo muli kachoonadi kobisika, kakuti maina awiriwo salingana kukula. Chinyengo chabisala pa kaliwu komwe kaja, pakuti pali "ndi" wonena kuti ichi ndi icho n'chimodzi, palinso "ndi" wongonena kuti ichi chili m'gulu la icho. Buku lina lakale la kumeneko, la Han Feizi, limasimba za katswiri wina amene anagonjetsa anzake ndi mtsutso womwewu, koma tsiku lina podutsa pa chipata atakwera kavalo woyera, anakhoma msonkho wa kavalo monga wina aliyense. Wa pachipata uja mabuku sanawerenge, anangowerenga miyendo.

Apa ndi pamene mlandu wa ana umasanduka mlandu wa akulu, chifukwa funso limene lili pansi pake ndi ili: kodi chinthu chikapatulidwa, chikalandira dzina loposa la abale ake, chimatuluka mumtundu wake, kapena chimamangika nawo kolimba koposa? Mtima wa munthu umakonda yankho loyamba. Timaganiza kuti ulemu ndi kumasulidwa, kuti wokwezedwa wachotseredwa zingwe zimene zimamanga anthu wamba. Koma sikweya sanakhululukidwe lamulo ndi limodzi lomwe la lekitango, ndipo pamwamba pa onsewo wasenzetsedwa lina limene abale ake alibe. Lekitango ali ndi ufulu wa miyeso iwiri, akhoza kutalika ngati msewu kapena kufupika ngati kabokosi ka machesi, ndipo nkhope zake n'zosawerengeka. Sikweya ukangotchula mbali yake imodzi wamutha yense, ndipo a sikweya onse a pansi pa thambo ali ndi nkhope imodzi, amangosiyana msinkhu. Makolo athu ankadziwa zimenezi polonga mfumu: pakuti munthu asanalowe dzina, nkhalamba zimamubindikiritsa ndi kumulangiza, ndipo zochuluka za malangizowo zimakhala za zimene kuyambira tsiku limenelo sadzachitanso, ngakhale mng'ono wake azichita popanda mlandu, pamenepo ndi pamene umamveka bwino mwambi wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. M'chilamulo cha Mose ndi momwemonso: m'chaputala 21 cha Levitiko wansembe amaletsedwa zimene Mwisraeli wamba saletsedwa, ndipo mkulu wa ansembe amaletsedwa zoposa, kufikira kuti sangayandikire mtembo ngakhale wa atate wake kapena amake, komabe pa tsiku la chitetezero, asanapepesere anthu, ayenera kuyamba wapereka ng'ombe chifukwa cha zochimwa zake ndi za banja lake, kuti asaiwale kuti malamulo khumi aja sanamulumphe.

Ndaona ine m'masiku anga anthu ovala mikanjo, ya kubwalo ndi ya kutchalitchi yomwe, amene anamva kupatulidwa kwawo monga mwa otsatira a Pythagoras, ngati kuti iwo aimikidwa mumzere wa kuwala ndipo ife tonse tili mumzere winawo. Ndipo chizindikiro chake chimakhala chimodzi nthawi zonse, chakuti munthuyo amasunga mosamala lamulo lapadera la udindo wake, kakhalidwe pampando, kavalidwe, kayankhidwe ka ulemu, nataya malamulo wamba a umunthu, kulonjera, kubweza ngongole, kunena zoona, kukhala pansi pamaliro a wosauka. Koma chojambula chimene chasunga kulingana kwa mbali n'kutaya kuima kwa ngodya sichikhalanso sikweya, ngakhale mutayeza mbali zake kakhumi n'kuzipeza zolingana. Chimapendekeka ngati khola lokankhidwa ndi mphepo, ndipo a masamu amachitcha dzina lina, lakuti rombasi. Pamene chatuluka m'nyumba ya lekitango, chatuluka ndi m'chipinda cha sikweya momwe, pakuti chipindacho chilibe khomo lakelake lotulukira kunja.

Kulakwa kwina, kobwerera chambuyo, n'koopsa koposa, ndipo ndikutchula mwachidule chifukwa aliyense anakuonapo. Pomva kuti sikweya aliyense ndi lekitango, wopupuluma amatembenuza mawu nati lekitango aliyense ndi sikweya. Ndipo Aristotle, poyala malamulo a kaganizidwe, anaonetsa kuti mawu otere akatembenuzidwa, "onse" amasanduka "ena". Pabolodi kulakwa kumeneku kumangotayitsa malikisi. Pamudzi kwatenthetsa nyumba. Akuti mfiti imayenda usiku, ndiye gogo amene wapezeka panja usiku, mwina m'mimba mwamuvuta, mwina nzeru zayamba kumuthawa chifukwa cha ukalamba, ndi mfiti basi. Akuti wakuba amalemera msanga, ndiye amene wafolera nyumba yake ndi malata chaka chino aonedwe bwino.

Tibwerere ku miyeso, pakuti Malembo nawo sanainyoze. Amene anawerengapo Eksodo ndi chipiriro, osalumpha machaputala a mikono ndi zikhato, adzakumbukira kuti guwa la nsembe yopsereza linali la mikono 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, guwa la zofukiza mkono umodzi uku ndi uku, ndipo chapachifuwa cha mkulu wa ansembe chikhato chimodzi mbali zonse; omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anapeza liwu la kwathu konkuno la chinthu chotere, lakuti "chaphwamphwa", liwu limene ndimamva chisoni kuti silimvekanso m'kamwa mwa ana a sukulu. M'kachisi wa Solomo malo opatulikitsa anali mikono 20 m'litali, 20 m'lifupi ndi 20 msinkhu. Ndipo mzinda umene Yohane anauona m'Chivumbulutso ukutsika kumwamba unali wolingana utali, kupingasa ndi msinkhu, muyeso wake mastadiya 12,000. Wofulumira anganene kuti taonani, Mulungu ali kumbali ya Pythagoras. Koma adekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha: chipinda chopatulikitsa chija sichinaime pachokha paphiri, chinali chigawo cha nyumba ya mikono 60 m'litali ndi 20 m'lifupi, bwalo la chihema m'chipululu linali mikono 100 kwa 50, ndipo m'kati mwenimweni mwa chipinda chaphwamphwacho, pansi pa mapiko a akerubi, pamalo amene munthu mmodzi yekha ankafikapo tsiku limodzi pachaka, panali likasa la mikono 2 ndi theka m'litali ndi mkono umodzi ndi theka m'lifupi, bokosi lalitali monga mabokosi a m'nyumba za anthu.

Sikweya ali nawo ulemerero wake, sindikana. Mwa a lekitango onse ozingidwa ndi mpanda wa utali umodzi, iye ndiye amakuta malo aakulu: mpanda wa mamita 40 umazinga masikweya mita 100 ukakhala 10 kwa 10, koma 96 ukakhala 12 kwa 8, ndi 75 okha ukakhala 15 kwa 5; ndipo taonani, ngakhale ulemu umenewu sungatchulidwe popanda kumuwerengera pamodzi ndi abale ake, chifukwa munthu sapambana liwiro limene sanathamange nawo. Komatu moyo wathu wa tsiku ndi tsiku ukusenzedwa ndi wamtali uja. Munthu analengedwa wamtali kuposa kupingasa kwake, ndipo zonse zomulandira zimatsata thupi lake: mphasa imene amabadwirapo, chitseko chimene amalowera, kama amene amagonapo, ndi dzenje limene adzukulu amakumba. Njerwa nayo, woumba aliyense amadziwa kuti chikombole chiyenera kutalika kawiri kupingasa kwake ndi kuonjezapo kampata ka dothi la pakati, kuti njerwa imodzi yogona m'litali ikwirire ziwiri zogona chopingasa, ndi kuti pangodya makoma awiri alumane ngati zala za manja awiri opiringizana.

Chatsala chimodzi chimene chimandisowetsa tulo kuposa zonsezi, ndicho chakuti sikweya weniweni palibe munthu anamuonapo ndi maso. Mmisiri apale thabwa mwaluso lotani, muyeso wosalala kuposa wake udzapeza kuti mbali ina yaposa inzake ndi kambali ka tsitsi, ndipo ukabwera muyeso woposa umenewo udzapezanso china. Pakuti kulingana kulibe "pafupifupi", ndipo chimene chaphonya ndi kafumbi kamodzi chagwera kale m'khamu la atali aja. Ngodya nazo n'chimodzimodzi, kotero kuti ngakhale lekitango wangwiro sanapondepo pansi pano. Plato, m'buku la 6 la Republic, anaona kuti ophunzira miyeso amajambula zooneka ndi maso nakambirana za izo, chonsecho maganizo awo ali pa sikweya mwini wake, amene zojambulazo zangomufanizira. Tsono ngati sitinamuonepo, muyeso umene timatsutsira nawo zojambula zathu zonse kuti zaperewera tinautenga kuti? Mwana wa zaka 6 akaona kachidutswa kopendekeka amati kalakwika, ngati munthu wokumbukira nkhope imene anaionapo kwina. Ena adzati ndi nzeru yongosefa pa zambiri zimene maso aona. Ena adzati ndi chidindo cha Mmisiri amene anayala maziko a dziko ndi chingwe choyezera, amene anafunsa Yobu za miyeso yake ali m'kamvuluvulu. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, ngakhale ndikudziwa kuti kupendekera si umboni.

Mphunzitsi wanga wachitatu pa nkhaniyi anali atsibweni anga, mmisiri womanga nyumba amene sukulu sanapite nayo patali, ndipo luso lake linkafunidwa kwambiri m'masiku amene anthu a kwathu ankasiya nyumba zozungulira nayamba za ngodya zinayi. Tchuthi china, chigamulo cha bambo wa mandala chidakali chotentha m'mutu mwanga, ananditenga m'mamawa kuti ndikawagwirire chingwe poyala maziko. Anakhoma chikhomo, nakoka zingwe ziwiri kuchokera pamenepo. Pa chingwe china anayeza mapazi 3 namangapo kansanza, pa chinzake mapazi 4 namangaponso kansanza, ndipo anasuntha chingwe chachiwiricho uku ndi uku kufikira mpata wa pakati pa tinsanza tiwirito unakwana mapazi 5 osaposa, osaperewera. Sanamvepo dzina la Euclid, ngakhale chimene ankachitacho chimaima pa mfundo ya 48, yotsiriza m'buku loyamba lija. Atakhoma zikhomo zonse zinayi ndi kuona kuti mbali zopenyana zalingana, mapazi 24 m'litali ndi 16 m'lifupi, anayeza kuchokera ku ngodya kufika ku ngodya yopenyana nayo, nafinya chingwe ndi chala pamene chathera, nayezanso mbali inayo, ndipo poona kuti chala chagwera pa chikhomo penipeni, anaweramuka nati, "Yakhala pa sikweya."

"Pepani atsibweni," ndinatero ine, ndikusendera kufupi ndi mtima wa mwana wofuna kubweza manyazi amene anamwetsedwa kwina, "nyumbayi si sikweya. Ndi lekitango, chifukwa m'litali mwaposa m'lifupi."

Anandiyang'ana nthawi ndithu osanena kanthu. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la zida, natulutsa chitsulo chawo choyezera ngodya, chakuda ndi thukuta la zaka zambiri.

"Ichi dzina lake n'chiyani, mwanawe?"

"Sikweya."

"Chili ndi mbali zingati?"

"Ziwiri."

"Zolingana?"

Sizinali zolingana, mkono wina unali wautali kuposa unzake.

"Kawafunse aphunzitsi ako Lolemba. Pakali pano gwira chingwe, dzuwa likukwera."

Ndinawerama kuti ndigwire, ndipo pamenepo tonse awiri tinaona kuti posendera paja ndinali nditaponda chikhomo cha kumpoto, chapendekeka, chingwe chake chagwera m'fumbi. Atsibweni anapukusa mutu, natola nyundo, ndipo tinayambanso kuyeza ngodya zonse zinayi kuchokera pa kansanza ka mapazi 3.